William Blake, Mmisiri wa Zithunzi za m'Mabuku

Mwana wa sukulu akalandira buku latsopano sayamba ndi kuwerenga mau ace. Ayamba wabvundukula masamba kufuna zithunzi, ndipo cimene waona pa cithunzi cikhala m'mutu mwace zaka zambiri, ngakhale mau a m'bukumo ataiwalika. Mphunzitsi ali yense adziwa zimenezi. Koma ndi owerengeka amene afunsa za anthu amene anapanga zithunzizo, pakuti dzina la wolemba buku likhala pacikuto m'zilembo zazikulu, pamene dzina la wojambula libisala kunsi kwa cithunzi m'tizilembo tobvuta kuona. Mmodzi wa amisiri otere anali William Blake wa ku England. Iye anapanga zithunzi za mabuku akulu a Cingelezi, najambulanso nkhope za olemba ace, koma mwini wace anafa wosauka, naikidwa m'manda opanda cizindikiro.

Ubwana wace

Blake anabadwa pa 28 November, 1757, m'nyumba ya pa Broad Street, m'dera la Soho, mu mzinda wa London. Atate wace, James Blake, anali ndi kasitolo kogulitsa masokosi ndi zobvala zina zoluka. Mwanayo sanakhalitse pa sukulu. Zambiri anaphunzira pakhomo kwa amai wace, nawerenga Baibulo ndi mabuku a ndakatulo amene anawapeza. Kuyambira ali wamng'ono ankanena kuti aona masomphenya. Kunenedwa kuti tsiku lina, pobwera koyenda ku Peckham Rye, anauza makolo ace kuti waona mtengo wodzala ndi angelo. Atate wace anafuna kumkwapula cifukwa ca bodza, koma amai analeretsa.

Makolowo anacita mwanzeru pa cinthu cimodzi: anapenyetsetsa cimene mwana wao anacikonda, ndipo sanamkakamize kukhala m'sitolo. Pamene anali ndi zaka 10 anamtumiza ku sukulu ya zojambula ya Henry Pars. Pambuyo pace, mu August 1772, anampereka kwa James Basire, mmisiri wozokota zithunzi pa mkuwa, kuti aphunzire nchito zaka 7. Atate wace analipira mapaundi 52 ndi masheleni 10.

Nchito yozokotayo ifunika kuifotokoza, cifukwa ndiyo inamdyetsa moyo wace wonse. Masiku amenewo kunalibe kamera, ndipo cithunzi ciri conse ca m'buku cinkapangidwa ndi manja. Mmisiri ankatenga cidutswa ca mkuwa cosalala ngati galasi, nazokotapo mizere ndi kacitsulo kakuthwa nsonga, mzere umodzi umodzi, kufikira zikwi zambiri. Akatha ankapaka inki pa mkuwawo, napukuta pamwamba kuti inki itsale m'mizere mokha, naikapo pepala lonyowa, nalipanikiza ndi makina. Zonse anayenera kuzizokota motembenuza, ca kumanja cikhale kumanzere, monga nkhope ionekera pa kalilole. Cithunzi cimodzi cacikulu cinkatha miyezi. Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mnyamata wosadekha sakanatha kukhalitsa pa nchito yotere.

Basire anatuma Blake ku Westminster Abbey, nyumba yaikulu ya mapemphero m'mene anaikamo mafumu akale a England, kuti akajambule zifanizo za mafumu ndi akazi ao zogonekedwa pamwamba pa manda. Mnyamatayo ankakwera pa nsanja kuti aone nkhopezo pafupi. Kumeneko anayamba kukonda macitidwe a amisiri akale, amene ankalemba mzere woonekera bwino, wopanda cinyengo ca mithunzi yambiri. Atatha zaka zace 7, mu 1779, analowa sukulu ya Royal Academy. Mkulu wa pamenepo anali Sir Joshua Reynolds, munthu wolemera ndi wolemekezeka, amene anajambula nkhope za olemba omveka a masikuwo, monga Samuel Johnson ndi Oliver Goldsmith. Blake sanagwirizane ndi ciphunzitso ca Reynolds, ndipo sanabise maganizo ace. Kuyambira pamenepo njira yace inasiyana ndi ya amisiri okondedwa ndi anthu acuma.

Mkazi wace ndi njira yatsopano yosindikizira

Pa 18 August, 1782, Blake anakwatira Catherine Boucher, mwana wa mlimi wa ndiwo zamasamba wa ku Battersea. Mkwatibwiyo sanalembe dzina lace m'buku la ukwati, anangoikamo kamtanda. Blake anakhala mphunzitsi wace: anamphunzitsa kuwerenga ndi kulemba, kusindikiza ndi kupaka utoto. Awiriwo sanaone mwana, koma anakhala pamodzi zaka 45, ndipo mabuku ambiri amene lero achedwa a Blake anapita m'manja mwa Catherine asanaturuke m'nyumba.

Mu 1787 mng'ono wace wokondedwa, Robert, anamwalira, Blake atamdwazika usana ndi usiku. Pambuyo pa malirowo Blake anapeza njira yatsopano yosindikizira, ndipo mwini wace ankanena kuti Robert ndiye anamuonetsa m'masomphenya. M'malo mwa kuzokota mizere, ankalemba mau ndi kujambula cithunzi pa mkuwa ndi mankhwala omata, kenaka nathirapo asidi. Asidiyo ankadya mkuwa wonse wosapakidwa, nasiya mau ndi cithunzi ziri zotukuka pamwamba. Motero mau ndi cithunzi zinakhala pa tsamba limodzi, zoyangana monga nyemba ziyanga pa phesi la cimanga. Iye ndi Catherine ankasindikiza okha, napaka utoto tsamba liri lonse ndi manja, Catherine nasoka masambawo m'cikuto.

Mwa njira imeneyi anaturutsa ndakatulo zace za Songs of Innocence mu 1789, ndizo nyimbo za mtima wosalakwa wa ubwana, ndipo mu 1794 anaonjezapo Songs of Experience, nyimbo za munthu amene walawa zowawa za dziko. M'menemo muli ndakatulo za mwana wa nkhosa, za nyalugwe wa ku Asia, ndi za tiana tosauka ta mu London timene ankatilowetsa m'macumuni kukapala mwaye. Lero ndakatulozi ziphunzitsidwa m'masukulu a maiko ambiri, koma pa moyo wace anagulitsa mabuku owerengeka okha.

Zithunzi za mabuku a anthu ena

Cakudya ca pakhomo cinkacokera ku nchito za ena. Mu 1796 munaturuka buku la John Gabriel Stedman lonena za dziko la Surinam ku South America, ndipo zina mwa zithunzi zace anazokota ndi Blake. Zithunzizo zinaonetsa poyera nkhanza zimene akapolo ocokera ku Africa ankacitidwa m'minda ya Azungu, ndipo zinathandiza anthu amene ankalimbana ndi malonda a akapolo.

Nthawi yomweyo wogulitsa mabuku wina, Richard Edwards, anampatsa nchito yaikulu: kupanga zithunzi za ndakatulo yaitali ya Edward Young yochedwa Night Thoughts, yosinkhasinkha za moyo ndi imfa. Blake anajambula zithunzi 537 za utoto wosungunula m'madzi, nazokota 43 za izo. Gawo loyamba linaturuka mu 1797, koma silinagulidwe, ndipo magawo otsala sanasindikizidwe konse. Atatha izi anajambula zithunzi 116 za ndakatulo za Thomas Gray, zimene bwenzi lace John Flaxman anafuna kupatsa mkazi wace ngati mphatso. Zimenezonso zinakhala m'nyumba ya munthu mmodzi, osaonedwa ndi anthu.

Mu 1800 mlakatuli wina wacuma, William Hayley, anamuitana kukakhala ku Felpham, kamudzi ka m'mbali mwa nyanja m'cigawo ca Sussex. Hayley anafuna nkhope za olemba akulu kuti azipacike m'cipinda cace ca mabuku, ndipo Blake anajambula mitu 18. Pakati pao panali Chaucer, Spenser, Shakespeare, Milton, Dryden, Pope ndi Cowper, pamodzi ndi olemba a maiko ena monga Homer ndi Dante. Ambiri a iwo anamwalira Blake asanabadwe, cotero anatsata zithunzi zakale zimene zinalipo. Umo ndimo nkhope za olemba akale zafikira ku mibadwo ya pambuyo: mmisiri atengera kwa mmisiri mnzace. Nkhope ya Shakespeare imene ioneka m'mabuku ambiri a sukulu icokera pa cithunzi cimene Martin Droeshout anazokota, cimene cinasindikizidwa mu 1623, Shakespeare atagona m'manda zaka 7. Koma Blake sanakhutire ndi nkhope yokha. Pambali pa mitu yambiri anaikapo tizithunzi ta zinthu zocokera m'zolemba za munthuyo, monga ngati anena kuti wolemba adziwika ndi zimene analemba koposa ndi mphuno ndi ndebvu zace. Mitu imeneyi isungidwa tsopano ku Manchester Art Gallery.

Ku Felpham mtima wa Blake sunakhazikike. Hayley anali wacifundo, koma ankampatsa nchito zazing'ono zokondweretsa anansi acuma, ndipo sanasamale za masomphenya ace. Mu August 1803 Blake anaturutsa m'munda mwace msilikali wochedwa John Schofield, ndipo msilikaliyo anamneneza kuti watukwana mfumu. Popeza England anali pa nkhondo ndi France, mlandu wotere unali woopsya. Unaweruzidwa ku Chichester mu January 1804, ndipo Blake anapezedwa wosalakwa. Hayley ndiye anamthandiza pa mlanduwo. Pamenepo nkuti Blake atabwerera kale ku London.

Zaka za mdima

Mu 1805 Robert Cromek anampempha zithunzi za ndakatulo ya Robert Blair yochedwa The Grave, kutanthauza manda. Blake anayembekeza kuti adzazokotanso yekha, pakuti ndalama zenizeni zinali pa kuzokota. Koma Cromek ataona mizere yolimba ya Blake anaopa kuti anthu sadzagula, napereka nchitoyo kwa Luigi Schiavonetti, amene dzanja lace linali lofewa monga ogula anafunira. Bukulo linaturuka mu 1808 ndi zithunzi 12, ndipo patsogolo pace panali nkhope ya Blake, yotengedwa pa cithunzi cimene Thomas Phillips anajambula mu 1807. Cotero anthu anaona nkhope yace, koma phindu linapita kwa ena. Cithunzi ca Phillips ciri lero ku National Portrait Gallery mu London.

Bala laciwiri linali lowawa koposa. Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, analemba The Canterbury Tales, nkhani za anthu pafupifupi 30 amene anayenda pamodzi kucokera ku London kunka ku Canterbury, nafupikitsa njira ndi kusimbirana nthano. Blake anafuna kujambula aulendowo onse ali pa akavalo. Cromek anapatsa Thomas Stothard, bwenzi lakale la Blake, nchito ya cithunzi ca nkhani yomweyo, ndipo ca Stothard cinakondedwa ndi anthu ambiri. Blake anakhulupirira kuti amubera nzeru, ndipo ubwenzi wa zaka zambiri unatha.

Pofuna kudziyeretsa, mu 1809 anaonetsa zithunzi zace 16 m'zipinda za pamwamba pa sitolo ya mkulu wace James, m'nyumba yomwe anabadwira. Analembanso kabuku kofotokoza zithunzizo, m'mene analongosola aulendo a Chaucer mmodzi mmodzi, nanena kuti anthu amenewo apezeka mu mbadwo uli wonse, maina okha ndiwo asinthika. Charles Lamb, wolemba wodziwa mabuku, anayamika kwambiri kafotokozedwe kameneko. Koma anthu obwera kudzaona anali ocepa, ndipo nyuzipepala imodzi yokha inalembapo, nimucha wamisala.

Zaka zotsatira Blake anaiwalika. Amene anamsunga ndi ogula owerengeka, makamaka Thomas Butts, kalaliki wa boma, amene kwa zaka zambiri ankagula zithunzi zace za nkhani za m'Baibulo. Mu 1807 ndi 1808 Blake anajambula kawiri zithunzi 12 za Paradise Lost, ndakatulo yaikulu ya John Milton yonena za kugwa kwa Adamu ndi Hava, ndipo za ciwirizo zinapita kwa Butts. Koma umphawi unakula, kufikira kuti mmisiri amene anajambula Milton anabvomera kuzokota zithunzi za mbale ndi makapu za m'buku la malonda la Wedgwood. Mu 1821 iye ndi Catherine anasamukira m'zipinda ziwiri ku Fountain Court, pafupi ndi mtsinje wa Thames. Cimodzi cinali cogona, cophikira ndi cogwirira nchito pamodzi.

Madzulo a moyo wace

Thandizo linadza kucokera kwa acinyamata. Mu 1818 Blake anakomana ndi John Linnell, wojambula wa zaka 26, amene anazindikira msanga kuti nkhalamba yosaukayo ndi mmisiri wamkulu. Linnell anabwera ndi anzace, monga Samuel Palmer, ndipo iwo ankakhala pa mapazi a Blake monga ophunzira. Mu 1823 Linnell anapangana naye kuti azokote zithunzi za Buku la Yobu, ndipo zithunzi 21 zinaturuka mu 1826.

Pa zithunzi za Yobu pamaoneka bwino umo Blake ankagwirira nchito. Pa cithunzi coyamba Yobu, mkazi wace ndi ana ao akhala pansi pa mtengo waukulu alikupemphera, mabuku ali pamiyendo, nkhosa zao ziri pozungulira. Koma zoimbira zao zonse zapacikidwa m'nthambi za mtengo, palibe wozikhudza, ndipo dzuwa lirikulowa. Pa cithunzi cotsiriza, mabvuto onse atapita, banjalo laimirira pansi pa mtengo womwewo, zoimbira ziri m'manja, onse alikuimba, ndipo dzuwa lirikuturuka. Zoimbira zopacikidwazo sizinalembedwe m'Buku la Yobu. Blake anaziikapo kuti aonetse cimene iye anamva powerenga: kuti poyamba Yobu ankapembedza mwa mwambo ndi mwamantha, koma pomariza anapembedza ndi mtima wokondwera. Munthu angabvomere kapena kukana kumasulira kumeneku, koma sangakane kuti wojambulayo anayamba wawerenga buku kufikira atalimvetsa, asanagwire kacitsulo kace.

Mu 1824 anayamba zithunzi pafupifupi 30 za The Pilgrim's Progress, buku la John Bunyan la 1678, lonena za munthu amene anacoka kwao ndi katundu wolemera kumsana kukafuna mzinda wa kumwamba. Sanazitsirize. Caka comweco Linnell anampatsa nchito ya zithunzi za ndakatulo ya Dante wa ku Italy. Blake, ali ndi zaka pafupifupi 67, anayamba kuphunzira cinenero ca ku Italy kuti amve mau a mwini wace, osadalira omasulira okha. Thupi linali litafooka, ndipo kawiri kawiri ankajambula ali tsonga pakama. Anasiya zithunzi 102, zina zotha, zina zongoyambidwa.

Anamwalira pa 12 August, 1827. Amene anali pafupi anasimba kuti limodzi la masheleni ace otsiriza linagula pensulo, ndi kuti tsiku lomarizalo anajambula nkhope ya Catherine ali pambali pa kama, kenaka naimba nyimbo zotamanda Mulungu kufikira mau anatha. Anaikidwa ku Bunhill Fields, manda omwewo m'mene agona John Bunyan ndi Daniel Defoe, wolemba Robinson Crusoe. Dzenje lace linali la anthu wamba, loikamo mitembo ingapo, ndipo panalibe mwala. Catherine anamtsata mu October 1831.

Mbiri yace inauka pambuyo

Kwa zaka zoposa 30 dzina la Blake linadziwika kwa anthu ocepa. Mu 1863 munaturuka buku la Alexander Gilchrist losimba moyo wace, limene mkazi wa Gilchrist, Anne, analitsiriza mwamuna wace atamwalira. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kufunafuna mabuku ndi zithunzi zace. Mu 1957, zaka 200 cibadwire iye, cifanizo ca mutu wace copangidwa ndi Jacob Epstein cinaikidwa mu Westminster Abbey, m'mbali ya olemba m'mene agona Chaucer, m'nyumba yomwe Blake ankakwera pa nsanja ali mnyamata. Malo enieni a manda ace anafufuzidwa napezeka, ndipo mwala unaikidwapo pa 12 August, 2018. Zithunzi zace zambiri zisungidwa ku Tate Britain ndi ku British Museum.

Moyo wa Blake sunali wopanda cirema. Anali wa mtima wapacala, anataya abwenzi amene akanamthandiza, ndipo zina mwa ndakatulo zace zazitali zibvuta ngakhale akatswiri. Koma pa cinthu cimodzi sanagwedezeke: sanayese cithunzi ngati cokometsera buku cabe. Kwa iye cithunzi cinali kuwerenga, ndipo anakana kunamiza buku kuti akondweretse wogula, ngakhale kukanako kunamdyetsa umphawi.

Mphunzitsi wa kumudzi kawiri kawiri akhala ndi buku limodzi pakati pa ana ambiri, ndipo m'bukumo mungakhale zithunzi ziwiri kapena zitatu zokha. Zimenezo siziyenera kupitiriridwa mofulumira pothamangira mau. Mphunzitsi wanzeru aimika cithunzi pamaso pa ana, nawafunsa cimene aona, cimene wojambula waika patsogolo, cimene wasiya, ndi ngati agwirizana naye atawerenga nkhaniyo. Mwana amene aphunzira kufunsa cifukwa cace zoimbira za Yobu ziri mu mtengo wayamba kuwerenga ndi nzeru. Ndipo mphunzitsi amene agwira nchito kutali ndi mseu, wopanda womuona kapena womyamika, angakumbukire kuti mmodzi wa ophunzira a Blake anali mkazi amene anaika kamtanda m'buku la ukwati, ndi kuti masamba amene awiriwo anasindikiza m'kacipinda kao asungidwa lero ngati cuma ca mtundu wonse.